Nayitrojeni m'matayala: ndi mpweya wanji, ndipo kodi ndalama yake imabwerera?

Loweruka lina ndinaima pa omata matayala m'mbali mwa msewu wa M1 ku Luwinga, kudikira kuti andimatire tayala la sipeya. Patsogolo panga panali bambo wina ndi galimoto imene anabwera nayo kuchokera ku Johannesburg. Tayala lakumbuyo linali litafewa moonekeratu, koma mnyamata wopopa atangokoka paipi ya kompresa, bamboyo anamugwira dzanja.

"Iyayi mphwanga, usathiremo zakozo. Umu muli nayitrojeni, sukuona kachivindikiro kobiriwiraka? Ukasakaniza liphulika."

"Ndiye bwana muyenda nalo chonchi mpaka kuti?"

"Ndikapopetsa ku Lilongwe."

Pamenepo panabuka mkangano. Dalaivala wina wa Sienta wa njira ya ku Ekwendeni anati mpweyawu ndi wa ndege ndipo umapulumutsa mafuta. Makaniko amene anali pafupi anaseka, nati ndi njira chabe yodyera ndalama za anthu. Aliyense anagwirako kachidutswa ka zoona. Koma amene anali pangozi ndi mwini galimotoyo, chifukwa kuchoka ku Mzuzu kukafika ku Lilongwe ndi makilomita oposa 350, kudutsa m'makona a Chikangawa, ndipo iye amafuna kuyenda mtunda wonsewo pa tayala lofewa.

Mpweya wa pampu wamba uli kale ndi nayitrojeni

Nayitrojeni si mlendo kwa ife. Aliyense amene ananyamulapo thumba la feteleza anaona chilembo N pa NPK, ndipo pa thumba la Urea pamalembedwa 46 peresenti. Ameneyo ndi nayitrojeni yemweyu, kungoti mu feteleza amakhala atamangidwa pamodzi ndi zinthu zina kuti mbewu zithe kumudya. Akakhala payekha ndi mpweya wopanda mtundu, wopanda fungo, wosayaka, ndiponso wosathandiza moto kuyaka. Mapaketi a tchipisi a m'sitolo aja amafufuma ndi iyeyu.

Mu mpweya umene tikupumawu, pa magawo 100 aliwonse, magawo 78 ndi nayitrojeni. Magawo 21 ndi okosijeni, uja amaika pamphuno za odwala kuchipatala. Kotsalako ndi timipweya tina tochepa, ndipo pamwamba pake pali nthunzi ya madzi imene imachuluka kapena kuchepa malinga ndi nyengo. Choncho wa kabaza wa njinga amene akupopa ndi pampu yamanja ku Chibavi akuthira kale nayitrojeni wa 78 peresenti, ulere.

Chimene malo ogulitsa nayitrojeni amachita ndi kukweza nambala imeneyi kufika pakati pa 93 ndi 99. Makina awo ambiri saitanitsa mpweya kuchokera kwina. Amakoka mpweya womwewu n'kuusefa, monga mayi amasefera ufa, okosijeni ndi nthunzi n'kutayidwa, nayitrojeni n'kutsala. Kachivindikiro kobiriwira pa vavu ndi chizindikiro chabe chouza wopopa wotsatira chimene chili m'kati. Sikachita kanthu kena.

Ndiye funso lenileni si lakuti nayitrojeni ndi wabwino kapena ayi, poti aliyense akumugwiritsa kale ntchito. Funso n'lakuti: kuchotsa okosijeni ndi nthunzi ya madzi m'tayala kumasintha chiyani, ndipo kumasintha kwambiri bwanji?

Mmene mpweya umathawira m'tayala lopanda bowo

Chibaluni chimene mwamanga bwinobwino pa ukwati Loweruka, pofika Lachitatu chimakhala chitakwinyika ngakhale palibe wachiboola. Mpweya umalowerera m'labala mwenimwenimo n'kutulukira kunja pang'onopang'ono, monga madzi amanyowetsera kunja kwa mtsuko wadothi. Tayala nalo limatero. Labala wachilengedwe, ngati amene amakolola ku Vizara ku Nkhata Bay, amadutsitsa mpweya mosavuta, n'chifukwa chake opanga matayala opanda chubu amayala m'kati mwake kansalu ka labala wina wopangidwa ku fakitale, wotchedwa butyl, amene amaugwira mpweya bwino kwambiri. Komabe saugwira wonse. Tayala labwinobwino la pa galimoto yoyenda limatha kutaya pafupifupi 1 psi pa mwezi, nthawi zina kuposerapo. Psi ndi muyeso wa mphamvu imene mpweya ukukankha nayo m'tayala, nambala ija ya 30 kapena 35 imene wopopa amakufunsani.

Apa ndi pamene nayitrojeni ali ndi mfundo yoona. Okosijeni amadutsa m'labala mwachangu kuposa nayitrojeni, mwina katatu kapena kanayi. Tayala lopanda okosijeni limachedwa kuphwa. Izi si nthano za ogulitsa.

Koma limachedwa motani? Bungwe la ku America lotchedwa Consumer Reports, limene limayesa katundu m'malo mwa ogula, linatenga mitundu 31 ya matayala, awiriawiri. Limodzi linapopedwa mpweya wamba, linzake nayitrojeni, onse kufika 30 psi, n'kuwasiya panja chaka chathunthu. Zotsatira zinatuluka mu 2007: a mpweya wamba anataya pafupifupi 3.5 psi, a nayitrojeni 2.2 psi. Kusiyana kwake ndi 1.3 psi, pa chaka.

Nambala imeneyi ikhoza kuwerengedwa mbali ziwiri. Wogulitsa anganene kuti nayitrojeni wachepetsa kuphwa ndi gawo loposa limodzi mwa magawo atatu, ndipo sananame. Makaniko wathu uja anganene kuti 1.3 psi ndi kanthu kamene mageji oyezera mpweya ambiri a m'mbali mwa msewu sangakaone n'komwe, ndipo iyenso sananame. Choti tisaiwale n'chakuti matayala a nayitrojeni aja nawonso anaphwa.

Palinso china chimene kuyesa kotere sikungaonetse, poti matayala aja anangokhala osayenda. Pa misewu yathu, mpweya wambiri suthawira m'labala. Umathawira pa msomali umene unalowa pafupi ndi msika, pa vavu yokalamba imene yang'ambika m'munsi, pa chigamba chimene sichinagwire, kapena pa limu imene inapindika mutagwera m'dzenje nyengo ya mvula, mkombero wa tayala n'kusiya kukhala bwino. Bowo silisankha mpweya. Nayitrojeni amatulukira pa msomali liwiro lomwelo limene mpweya wamba umatulukira.

Madzi a m'kompresa

Mfundo yachiwiri ya nayitrojeni ndi kuuma kwake, ndipo kwa ife a ku Mzuzu, kumene mvula imatha kutsakamira mpaka Meyi ndipo nkhungu ya m'mawa siisowa, imeneyi ndi yofunika kuimvetsa.

Kompresa ikapanikiza mpweya wachinyezi m'thanki yake, nthunzi ija imasanduka madzi n'kudikha pansi pa thankiyo. Pansi pa thanki iliyonse pali kampopi kotayira madziwa, ndipo kamayenera kutsegulidwa tsiku lililonse. Kumene sakatsegula, madzi ena amatsagana ndi mpweya kulowa m'tayala. Mukafuna kudziwa, pemphani wopopa kuti ayambe wapemerera pachikhatho panu. Mukamva kunyowa, mwadziwa.

Madzi m'tayala amachititsa dzimbiri limu yachitsulo, ndipo dzimbiri la m'mphepete mwa limu ndi lomwe limayambitsa kuphwa kwapang'onopang'ono kuja kovuta kupeza. Amathanso kuononga timakina toyeza mpweya timene magalimoto ena atsopano ali nato kuseri kwa vavu. Ndipo tayala likatentha kwambiri, madontho a madzi amasanduka nthunzi n'kukweza mphamvu ya mpweya mosayembekezeka.

Nayitrojeni wa m'makina amabwera wouma, ndiye vutoli amalichepetsa. Koma taonani bwino: chimene chathandiza apa ndi kusowa kwa madzi, osati kusowa kwa okosijeni. Kompresa yosamalidwa, yokhala ndi chosefera madzi, imapereka phindu lofanana ndithu. Komanso womanga tayala pa limu akathira madzi a sopo ambiri kuti mkombero uterereke, madzi amenewo atsekeredwa kale m'kati nayitrojeni asanalowe.

Chisanu cha Julayi, kutentha kwa kunyanja

Zimene anthu amakonda kunena n'zakuti nayitrojeni sasintha ndi nyengo, ndipo amasunga tayala lozizira. Apa ndi pamene nkhani imakokomezedwa kwambiri.

Mpweya uliwonse wotsekeredwa umakankha mwamphamvu ukatentha, n'kufooka ukazizira. Nayitrojeni ndi mpweya wamba wouma amachita zimenezi mofanana, moti geji yanu singawasiyanitse. Pa tayala la galimoto yaing'ono, kusintha kwa madigiri 5 kapena 6 kumasuntha geji ndi pafupifupi 1 psi. M'mawa wa Julayi kuno kuzizira kumatsika pansi pa madigiri 10. Tayala limene munapopa masana otentha a Okutobala, ngakhale likanakhala losataya mpweya ndi pang'ono pomwe, m'mawa wotero likanaonetsa kuchepa ndi 3 psi kapena kuposa. Kachivindikiro kobiriwira sikaletsa zimenezi.

Ndiye pali nkhani ya mapiri, imene madalaivala a kumpoto kuno amakumana nayo tsiku ndi tsiku osaidziwa. Geji siyeza mpweya wa m'tayala pawokha. Imayeza kusiyana kwa mphamvu ya m'kati ndi ya mpweya wakunja. Mzuzu ali pamtunda wa mamita pafupifupi 1,250, pomwe nyanja ya Malawi ili pansi pa mamita 500. Kunyanja mpweya wakunja ndi wolemera kuposa kuno. Mukatsetsereka kupita ku Nkhata Bay, kapena kutsika Chiweta kulowera ku Karonga, mpweya wakunjawo umalikankha tayala mowonjezera, ndipo pa chifukwa chimenechi chokha geji ingatsike ndi 1 psi ndi kachidutswa. Koma kunyanja kukutentha, phula nalo latentha, tayala latenthedwa ndi ulendo, ndiye nambala imakweranso, kawirikawiri kupitirira pamene inali. Mukayeza mutangofika ku Nkhata Bay mupeza nambala ina, mukayeza m'mawa mwake ina, mukabwerera ku Katoto inanso. Palibe chimene chatuluka kapena kulowa, ndipo zimenezi zimachitika chimodzimodzi kaya muli nayitrojeni kaya mpweya wa kwa womata.

N'chifukwa chake opanga magalimoto amati muziyeza tayala lili lozizira, galimoto itaima maola atatu kapena isanayende mtunda wopitirira makilomita awiri. Tayala limene layenda ulendo limaonetsa 3 mpaka 5 psi pamwamba, ndipo anapangira dala kuti lizitero. Chizolowezi cha madalaivala ena chophwetsako tayala lotentha panjira poopa kuti liphulika chimabweretsa chomwe akuopacho. Tayala limatentha chifukwa cha kupindikapindika kwa m'mbali mwake likamagudubuzika, monga waya amatenthera mukamamupinda uku ndi uku kuti aduke. Likafewa limapindika kwambiri, n'kutentha kwambiri, mpaka nsalu ndi mawaya a m'kati kulekana ndi labala. Minibasi yodzaza anthu ndi matumba a mbatata pa tayala lofewa ndiyo imaphulitsa, osati tayala lopopedwa bwino.

Nanga bwanji ndege ndi magalimoto a mpikisano?

Dalaivala wa Sienta uja sananame kuti ndege zimagwiritsa ntchito nayitrojeni. Chifukwa chake ndicho china.

Pa 31 Malichi 1986, ndege ya Boeing 727 ya kampani ya Mexicana inagwa m'mapiri a ku Mexico itangonyamuka kumene, anthu onse 167 n'kufa. Ofufuza anapeza kuti buleki imodzi inatentha kwambiri ponyamuka, ndipo tayala limene linapopedwa mpweya wamba linaphulika litapindidwira kale m'mimba mwa ndegeyo, n'kudula mapaipi a mafuta, moto n'kubuka. Labala akatentha koopsa amatulutsa mpweya woyaka, ndipo ukakumana ndi okosijeni wopanikizidwa m'tayala, tayalalo limasanduka bomba. Malamulo a zandege a ku America tsopano amati pa ndege zolemera kuposa matani pafupifupi 34, matayala a mawilo okhala ndi mabuleki asakhale ndi okosijeni woposa 5 peresenti. Onjezani kuti tayala la ndege yaikulu limapopedwa cha m'ma 200 psi, ndipo kumwambako kumazizira kufika madigiri 50 pansi pa ziro, kumene dontho lililonse la madzi limaundana gwaa.

A mpikisano wa Formula One amafuna mpweya wouma chifukwa matayala awo amatentha kufika cha m'ma madigiri 100, ndipo kwa iwo theka la psi limasintha mmene galimoto ikhotere pakona. Zimagalimoto zikuluzikulu za m'migodi nazo zimapopedwa nayitrojeni m'malo ambiri poopa moto. Probox yopita ku Mpamba kukatenga chinangwa sifika pa chilichonse mwa zimenezi. Ngakhale kwa thiraki yotsika Chiweta ndi katundu, chimene chimateteza matayala ku moto wa mabuleki ndi giya yotsika.

Za mafuta

Pamene tonse tinagonapo pa mzere wa mafuta, lonjezo la kupulumutsa petulo limakoma m'khutu. Nayitrojeni payekha sachepetsa mafuta. Tayala la 33 psi limagudubuzika mofanana kaya muli mpweya wanji. Ndi wopepuka pang'ono kuposa mpweya wamba, inde, koma kusiyana kwake pa tayala lonse ndi magalamu osafika asanu, kulemera kwa kasupuni ka shuga.

Chimene chimadya mafuta ndi tayala lofewa. Unduna wa zamphamvu wa ku America umawerengera kuti matayala onse akatsika ndi 1 psi, mafuta amaonongeka ndi pafupifupi 0.2 peresenti. Tikatenga 1.3 psi ija ya Consumer Reports, zikutanthauza kuti pa malita 100 a petulo, nayitrojeni angakupulumutsireni pafupifupi kota ya lita, ndipo zimenezo ndi kwa munthu amene watha chaka osayandikira pampu. Amene amayeza mwezi ndi mwezi sapulumutsa kanthu koti n'kukaloza. Pomwe galimoto yoyenda ndi matayala ochepa ndi 8 kapena 10 psi, zimene sizachilendo m'tauni muno, ikutaya pafupifupi malita awiri pa 100 aliwonse, kwinaku ikudya mapewa a matayala.

Za kukalamba kwa tayala nazo zili chimodzimodzi. N'zoona kuti okosijeni amaumitsa labala pang'onopang'ono kuchokera m'kati, ndipo nayitrojeni amachedwetsa zimenezi. Koma kunja kwa tayala kuli dzuwa ndi okosijeni wa dziko lonse, ndipo matayala ambiri kuno amatha mapazi kapena kutupa m'mbali ndi maenje zaka zawo zisanakwane. Pa tayala la kaunjika, nayitrojeni sangabweze zaka zimene linadya kale kunja. Yang'anani manambala anayi omaliza pa mzere woyamba ndi zilembo DOT m'mbali mwa tayala: 2319 akutanthauza sabata ya 23 ya chaka cha 2019. Opanga matayala ambiri amati likakwana zaka 10 lichotsedwe ngakhale likuoneka latsopano.

Kusakaniza

Tibwerere kwa bambo wa ku Luwinga. Kuthira mpweya wamba m'tayala la nayitrojeni sikuphulitsa chilichonse. Mukungothira nayitrojeni wa 78 peresenti pa wa 95, monga kuthira madzi mu tiyi. Mwasungunula, basi. Fodya wako ndi amene ali pamphuno: mpweya umene ulipo pamene tayala lafewa ndi wabwino kuposa nayitrojeni amene ali ku Lilongwe.

Ndipo m'matayala ambiri a tizivindikiro tobiriwira mulibe nayitrojeni wochuluka monga eni ake amaganizira. Tayala limene "laphweratu" silikhala lopanda kanthu. Mumatsala mpweya wofanana mphamvu ndi wakunja. Kuno ku Mzuzu, mukaliphwetsa kamodzi n'kulipopa nayitrojeni weniweni kufika 32 psi, mpweya wakale uja umatenga gawo loposa kota la zonse zili m'katimo, ndipo mumathera pa nayitrojeni wa pafupifupi 94 peresenti. Makina akakhala otulutsa 95 peresenti, mumathera cha m'ma 90. Kuti afike pamwamba, wopopa amayenera kuphwetsa ndi kupopa kawiri kapena katatu. Amene wangowonjezera pa mpweya umene unalimo n'kusintha kachivindikiro, wakugulitsani kachivindikiro.

Ndani angapindule

Alipo amene phindu laling'onoli lingawakwanire. Galimoto imene imakhala miyezi itaima mwini wake ali ku Joni, ngolo yokokedwa imene imatuluka nyengo yokolola yokha, tayala la sipeya limene palibe amalikumbukira mpaka usiku wa tsoka pa Chikangawa: pamenepo kuphwa kochedwa kuli ndi ntchito. Kampani ya mathiraki a maulendo a ku Dar es Salaam, imene ili ndi matayala mazanamazana ndipo imatha kuvekanso mapazi atsopano pa matayala akale, ingawerengere n'kupeza kuti kuuma kwa m'kati kukuipindulira. Ndipo ngati pogula matayala atsopano akuthirirani ulere, palibe chifukwa chokanira, poti nayitrojeni saononga kanthu.

Kwa wa takisi amene tayala lake limamatidwa kawiri pa mwezi, ndalama ya nayitrojeni imatuluka ndi msomali woyamba. Choopsa china ndi mtima umene kachivindikiro kobiriwira kamabweretsa, woti tayalali silifunanso kuyezedwa.

Ineyo ndalama imeneyo ndingayambe ndagulira geji yangayanga, chifukwa mageji a m'mbali mwa msewu amagwa pansi, amapondedwa, ndipo awiri oyandikana amatha kusiyana ndi ma psi angapo. Nambala yoyenera galimoto yanu si ija yolembedwa m'mbali mwa tayala, imeneyo ndi malire apamwamba. Yoyenera ili pa kapepala komatidwa pa chipilala cha chitseko cha dalaivala. Magalimoto ochokera ku Japan amalemba mu kPa, ndipo n'zimene zimasokoneza ambiri: 100 kPa ndi 1 bar, imene ndi 14.5 psi. Mukaona 230 kPa, ndiye 2.3 bar, kapena 33 psi. Kutsogolo ndi kumbuyo nthawi zina kumasiyana, ndipo mapepala ena amapereka nambala yachiwiri ya pamene galimoto yadzaza.

Bambo uja pomaliza analola, atamunyengerera makaniko. Asanapope, mnyamata uja anathira madzi a sopo kuzungulira tayala lonse osapeza kanthu, kenako anapinda vavu pang'ono ndi chala. Thovu linatumphuka m'munsi mwake, pansi penipeni pa kachivindikiro kobiriwira. Anasintha vavuyo, n'kupopa 2.3 bar ya mpweya wa ku Luwinga.